Mafarao, Mapiramidi ndi Anthu Amene Ankasenza Miyala

Mawu Oyamba

Tikamaphunzira mbiri yakale m'kalasi timakonda kuloweza mayina a mafumu ndi zaka za ufumu wawo kuti tikakhoze mayeso. Zimenezi n'zabwino, koma mbiri imathandizanso munthu kumvetsa kwawo kumene. M'phunziro lino tiona dziko la Egypt wakale, mafumu ake ndi zipilala zimene adasiya. Tifunsanso funso limene mabuku ambiri akale ankalilambalala: kodi amene ankasema miyala ija ndi kuikoka adali ayani, ndipo ankalandira chiyani? Pomaliza tibwerera kuno ku Thyolo, pakuti funso lomweli likukhudza agogo athu amene adalambula nkhalango ndi kubzala tiyi amene timamuona lero.

Tikumbutsane kawerengedwe ka zaka. Zilembo za B.C. zikutanthauza zaka Kristu asanabadwe, ndipo zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo. Choncho chaka cha 2560 B.C. n'chakale kuposa chaka cha 1279 B.C. Zaka zambiri za m'nthawi imeneyo n'zongoyerekeza, n'chifukwa chake tizinena kuti "cha m'ma".

1. Mtsinje wa Nile

Egypt ali kumpoto chakum'mawa kwa Africa, ndipo mbali yaikulu ya dzikoli ndi chipululu. Mvula kumeneko njosowa. Moyo wonse udatsamira pa mtsinje wa Nile, umene kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 6,650. Nthambi imodzi ya mtsinjewu imachokera ku nyanja ya Victoria, ina ku nyanja ya Tana m'dziko la Ethiopia, ndipo ziwirizi zimakumana pa mzinda wa Khartoum ku Sudan.

Chaka chilichonse mvula ikagwa m'mapiri a ku Ethiopia, Nile ankasefukira kuyambira cha mu Julaye mpaka Okutobala. Madzi akaphwa ankasiya dothi lakuda lachonde, ndipo alimi ankafesa tirigu ndi balere m'chinyontho chomwecho. Amene adaona ulimi wa m'madimba ku Chigwa cha Shire akumvetsa bwino zimenezi. Eni dziko ankalitcha dziko lawo Kemet, kutanthauza dothi lakuda. Chaka adachigawa m'nyengo zitatu: ya kusefukira kwa madzi, ya kumera kwa mbewu ndi ya kukolola. Chinali ndi miyezi 12 ya masiku 30, ndipo ankawonjezerapo masiku 5 kuti akwane 365. Kusefukira kwa chaka ndi chaka kuja kudaleka atamaliza kumanga damu lalikulu la ku Aswan m'chaka cha 1970.

Mtsinjewu udalinso msewu. Madzi ake amayenda kulowera kumpoto, pamene mphepo kawirikawiri imaomba kulowera kumwera. Motero ngalawa zinkatsika ndi madzi n'kukwera ndi mphepo. Popanda msewu umenewu, miyala ya mapiramidi sikadafika pamalo pake.

2. Ufumu ndi Nyengo Zake

Poyamba kudali maufumu awiri, wa kumtunda ndi wa kunsi kwa mtsinje. Cha m'ma 3100 B.C. mfumu Narmer idawalumikiza kukhala dziko limodzi, ndipo likulu lidakhala ku Memphis, pafupi ndi mzinda wa Cairo wa masiku ano. Patapita zaka zambiri, wansembe wina wa kumeneko dzina lake Manetho adalemba mndandanda wa mafumu ndi kuwagawa m'mabanja achifumu 30. Akatswiri akutsatabe kagawidwe kameneka mpaka lero.

Pali nyengo zikuluzikulu zitatu pamene dziko lidali logwirizana ndi lamphamvu. Ufumu Wakale udayamba cha m'ma 2686 B.C. n'kutha cha m'ma 2181 B.C. Ufumu Wapakati udali kuyambira cha m'ma 2055 B.C. mpaka 1650 B.C. Ufumu Watsopano udali kuyambira cha m'ma 1550 B.C. mpaka 1069 B.C. Pakati pa nyengo zimenezi pankakhala zaka za chisokonezo, pamene dziko linkagawikana ndipo nduna za m'zigawo zinkadzilamulira zokha.

Mawu akuti Farao adachokera ku mawu awo otanthauza nyumba yaikulu. Poyamba ankanena za nyumba ya mfumu, kenaka adayamba kunena za mfumu yeniyeniyo. Anthu ankakhulupirira kuti mfumu imaima pakati pa milungu ndi anthu, ndipo udindo wake waukulu udali kusunga chimene ankachitcha Maat, ndiye kuti chilungamo, choonadi ndi dongosolo la zinthu zonse. Tisunge mawu amenewa, tikumana nawonso kutsogoloku.

3. Mapiramidi

Anthu a ku Egypt ankakhulupirira kuti munthu akamwalira mzimu wake umafunabe thupi lake. N'chifukwa chake ankaumika mitembo ndi mchere wa m'chipululu n'kuikulunga m'nsalu, ndipo ankamanga manda olimba. Piramidi ndi manda a mfumu.

Piramidi loyamba ndi la mfumu Djoser ku Saqqara, lomangidwa cha m'ma 2650 B.C. Lili ndi masitepe 6 osanjikizana ndipo msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 60. Mbiri imati amene adalinganiza ntchitoyi adali nduna yake Imhotep. Pambuyo pake mfumu Sneferu idayesa kumanga piramidi la mbali zosalala ku Dahshur. Ntchito ili mkati, amisiri adasintha kapendekedwe ka makoma, kotero kuti piramidilo limaoneka lopindika mpaka lero. Sadagwe mphwayi. Adamanga lina pafupi pomwepo, ndipo limenelo lidatuluka lowongoka bwino.

Mwana wa Sneferu, mfumu Khufu, ndiye adamanga piramidi lalikulu koposa onse ku Giza, cha m'ma 2560 B.C. Litangomalizidwa lidali lalitali mamita 146, ndipo mbali iliyonse ya pansi pake ndi mamita 230. Malo amene lidakhalapo amaposa mahekitala 5, ndiye kuti maekala ngati 13. Akatswiri amayerekeza kuti muli miyala pafupifupi 2,300,000, ndipo mwala umodzi umalemera matani awiri ndi theka tikatengera pakatikati. Miyala yambiri ankaisema pafupi pomwepo. Miyala yoyera yokutira kunja inkachokera ku Tura, kutsidya kwa mtsinje, pamene miyala yolimba ya m'chipinda cha mfumu inkachokera ku Aswan, mtunda wa makilomita oposa 800. Zonsezi adachita ndi zosemera zamkuwa, nyundo zamiyala, zingwe, mitengo ndi zitunda zadothi zokwezerapo miyala.

Pafupi ndi piramidi la Khufu pali la mwana wake Khafre ndi la mdzukulu wake Menkaure. Palinso chifanizo chachikulu chotchedwa Sphinx, cha thupi la mkango ndi mutu wa munthu, chotalika mamita 73.

4. Kodi Ankamanga Ndani?

Wolemba mbiri wa ku Greece dzina lake Herodotus adayendera Egypt patapita zaka zoposa 2,000 chimangire mapiramidi a ku Giza. Iye adalemba kuti anthu 100,000 ankagwira ntchitoyi mosinthana, ndipo kuti idatenga zaka 20. Masiku ano akatswiri ambiri amati ogwira ntchito pa nthawi imodzi adali pakati pa 20,000 ndi 30,000.

Ambirife timaganiza kuti Aisraeli ndiwo adamanga mapiramidi ali mu ukapolo. Tikayang'ana zaka, maganizo amenewa sakugwirizana ndi mbiri. Buku la Eksodo limakamba za kuumba njerwa zadothi losakaniza ndi udzu, ndi kumanga mizinda yosungiramo chuma ya Pithom ndi Rameses. Mapiramidi a ku Giza ngamiyala, ndipo adali ataima kale zaka zoposa 1,000 mafumu otchedwa Ramesses asanabadwe. Dzina la Israeli limapezeka koyamba m'zolemba za ku Egypt pa mwala wa mfumu Merneptah, cha m'ma 1208 B.C.

Nanga omangawo adali ayani? M'chaka cha 1990 ofukula zakale adapeza manda a anthu ogwira ntchito kumwera kwa mapiramidi a ku Giza. Pafupi pake adafukulanso mudzi umene ankakhalamo, wokhala ndi malo ophikira buledi, nkhokwe ndi nyumba zogona. Mafupa a ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nsomba amene adapezeka akusonyeza kuti anthuwa ankadya ndiwo zankhuli. Mafupa a anthu eniakewo akunena mbali ina ya nkhaniyi: misana yoperepeseka ndi katundu, ndiponso manja ndi miyendo zothyoka zimene wina adazilunzanitsa mpaka kupola.

Ogwira ntchito ankagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse lidali ndi dzina ndi kapitawo wake. Mayina ena adalembedwa pa miyala m'malo obisika. Gulu lina linkatchedwa Abwenzi a Khufu, lina Zidakwa za Menkaure. M'chaka cha 2013, katswiri wa ku France dzina lake Pierre Tallet pamodzi ndi anzake adapeza mapepala agumbwa ku Wadi al-Jarf, m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Mwa mapepala agumbwa olembedwa amene adapezekapo, amenewa ndiwo akale koposa. Ena mwa iwo adalemba ndi kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankayang'anira amuna ngati 40. Tsiku ndi tsiku ankalemba m'mene ankapakira miyala m'ngalawa ku Tura, kumene adagona pa njira, ndi tsiku limene adakatsitsa katundu ku Giza.

Choncho omanga mapiramidi adali eni dziko. Ena adali amisiri okhazikika, ena ambiri adali alimi oitanidwa kuchokera m'midzi kudzagwira ntchito ya mfumu kwa miyezi ingapo. Ndalama kudalibe nthawi imeneyo, motero malipiro awo adali phoso la buledi, mowa ndi nsalu. Koma tisafulumire kunena kuti adali mfulu pa zonse. Ntchitoyi idali ngati msonkho, ndipo munthu wamba sakadatha kuikana. Zolemba za mu Ufumu Wapakati zikusonyeza kuti wothawa ntchito ya boma ankasakidwa, ndipo abale ake ankagwidwa m'malo mwake.

5. Mafumu a mu Ufumu Watsopano

Mafumu a nyengo imeneyi adaleka kumanga mapiramidi. Adayamba kukumba manda obisika m'mapiri kutsidya kwa mzinda wa Thebes, umene lero ndi Luxor, pamalo otchedwa Chigwa cha Mafumu. Titchuleko anayi okha.

Hatshepsut adali mkazi, ndipo adalamulira zaka ngati 20 kuyambira cha m'ma 1479 B.C. Adatumiza ngalawa kukachita malonda ku dziko la Punt ndipo adamanga kachisi wokongola ku Deir el-Bahari. Patapita zaka iye atamwalira, dzina lake ndi zithunzi zake zidafufutidwa pa makoma ambiri.

Akhenaten, amene adayamba kulamulira cha m'ma 1353 B.C., adasiya milungu yambiri ya makolo ake n'kulamula kuti dziko lipembedze Aten, ndiye kuti dzuwa. Adamanga likulu latsopano ku Amarna. Iye atamwalira, anthu adabwerera ku milungu yakale, mzinda wake udasanduka bwinja, ndipo dzina lake adalichotsa pa mndandanda wa mafumu.

Tutankhamun adalowa ufumu ali mwana ndipo adamwalira asanakwanitse zaka 20. Sadachite zazikulu, koma lero ndiye wotchuka koposa, chifukwa manda ake adapezeka mu Novembala 1922 ndi Howard Carter, mbala zisanawakhuthule. M'katimo mudali zinthu zoposa 5,000.

Ramesses II adalamulira zaka 66, kuyambira 1279 B.C. mpaka 1213 B.C. Adamenyana ndi Ahiti ku Kadesh, kenaka adapangana nawo za mtendere, ndipo mawu a panganolo adasungika mpaka lero. Ku Abu Simbel adasemetsa m'thanthwe zifanizo zake zinayi, chilichonse chotalika mamita ngati 20. Pakati pa 1964 ndi 1968, mothandizidwa ndi bungwe la UNESCO, kachisi ameneyu adadulidwa m'zigawozigawo n'kusamutsidwira pamalo okwera kuti asamire m'madzi a damu la Aswan. Mtembo wa Ramesses II uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Cairo, kumene alendo amakauona.

6. Tsiku Limene Amisiri Adakhala Pansi

Amisiri okumba ndi kukongoletsa manda a m'Chigwa cha Mafumu ankakhala ndi mabanja awo m'mudzi wotchedwa Deir el-Medina. Ambiri a iwo ankadziwa kulemba, ndipo adasiya zolemba zambiri pa mapale ndi tizidutswa ta miyala. Pa mwala wina kalaliki adalemba mayina a ojomba ku ntchito ndi zifukwa zake: wina ankadwala, wina adalumidwa ndi chinkhanira, wina ankafulula mowa, wina adali pa maliro a mbale wake.

M'chaka cha 29 cha ufumu wa Ramesses III, cha m'ma 1157 B.C., phoso lawo la tirigu lidachedwa kufika. Atadikira masiku ambiri, amisiriwo adasiya zida, adatuluka m'mudzi n'kukakhala pansi pafupi ndi akachisi a mafumu kumene kudali nkhokwe. Adauza akuluakulu kuti njala ndi ludzu ndizo zawabweretsa, ndipo adapempha kuti nkhaniyo ikafike kwa Farao. Adapatsidwa gawo la phoso lawo, koma vutolo lidabwereza, iwonso adanyanyalanso. Mlembi Amennakht adalemba zonsezi pa pepala lagumbwa limene likusungidwa ku Turin m'dziko la Italy. Aka ndi koyamba m'mbiri yolembedwa kumva za anthu onyanyala ntchito.

Taonani kuti amisiriwa sankafuna kulanda ufumu. Ankangokumbutsa akuluakulu za Maat: ngati mfumu ndi mlonda wa chilungamo, wogwira ntchito ayenera kulandira chake pa nthawi yake.

7. Kutha kwa Ufumu

Ufumu Watsopano utatha, Egypt adalamulidwa ndi mafumu ochokera kwina. Cha m'ma 700 B.C. mafumu a ku Kush, m'dziko la Sudan la lero, monga Piye ndi Taharqa, adalamulira chigwa cha Nile mpaka kunyanja. Iwo adatsitsimutsa mwambo womanga mapiramidi kwawo, kotero kuti lero ku Sudan kuli mapiramidi ambiri kuposa ku Egypt, ngakhale kuti ngaang'onoang'ono. Ankhondo a ku Persia adalanda dzikoli m'chaka cha 525 B.C., Alexander wa ku Macedonia adafika m'chaka cha 332 B.C., ndipo mfumukazi Cleopatra atamwalira m'chaka cha 30 B.C. dzikoli lidakhala chigawo cha ufumu wa Aroma.

Malembo akale azithunzi adalembedwa komaliza ku Philae m'chaka cha 394 Kristu atabadwa. Kuyambira pamenepo padapita zaka zoposa 1,400 popanda munthu wotha kuwawerenga. M'chaka cha 1799 asilikali a ku France adapeza mwala ku Rosetta wokhala ndi uthenga umodzi wolembedwa m'malembo a mitundu itatu, umodzi mwa iyo Chigiriki. Poyerekeza malembowo, Jean-François Champollion adatulukira kawerengedwe kake m'chaka cha 1822. Pakadapanda ntchito imeneyi, bwenzi sitikumudziwa Merer ngakhale Amennakht.

8. Thangata Kwathu Kuno

Tsopano tibwerere kumudzi. Mawu akuti thangata poyamba adali abwino. Ankanena za kuthandizana m'munda, kapena kukalima m'munda wa mfumu, imene nkhokwe yake inkapulumutsa anthu pa njala. Paja amati mutu umodzi susenza denga.

M'zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda motsogozedwa ndi Harry Johnston lidapereka zikalata zotsimikiza kuti malo aakulu m'zigawo za Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo nga azungu ndi makampani awo. Anthu okhala pa malowo adayamba kulipira lendi ndi thukuta lawo, ndipo ntchito imeneyi adaitchanso thangata. Munthu ankagwira mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa boma, koma m'maesiteti ena mwezi wa pa tikiti unkatalika kuposa mwezi weniweni. Alomwe ambiri amene adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique m'zaka zimenezo adalibe malo awoawo, choncho goli limeneli lidawalemera koposa. Tiyi adabzalidwa ku Mulanje ndi Henry Brown m'chaka cha 1891, adafika ku Thyolo m'zaka zotsatira, ndipo adafala kwambiri m'zaka za m'ma 1930.

Thangata idali imodzi mwa nkhani zimene zidachititsa Mbusa John Chilembwe kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. Mu Ogasiti 1953 kudabukanso zipolowe kuno ku Thyolo, ndipo magwero ake adali nkhani ya malo ndi lendi, kuphatikizapo kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Thangata idathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962.

Thangata ndi ntchito ya Farao zikufanana pakuti zonse zidali msonkho wolipira ndi thupi, ndipo wogwirayo adalibe mpata wokana. Zikusiyananso. Mlimi wa ku Egypt ankatumikira mfumu ya mtundu wake, imene ankakhulupirira kuti ikusunga dziko lonse. Agogo athu ankagwirira ntchito mlendo, ena a iwo pa nthaka imene makolo awo ankalima kale, ndipo phindu la mbewuzo linkapita kutsidya kwa nyanja.

9. Phunziro Lathu

Mfumu Khufu idamanga phiri la miyala kuti isaiwalike. Komabe chifanizo chake chathunthu chimene chidapezeka n'chimodzi chokha, kachidole ka mnyanga wa njovu kotalika masentimita 7 ndi theka, kamene Flinders Petrie adakafukula ku Abydos m'chaka cha 1903. Za masiku a kapitawo Merer tikudziwa zambiri, chifukwa iye ankalemba.

Mayina a eni maesiteti a ku Thyolo ali m'mabuku a boma ndi a makampani. Mayina a amene adagwetsa mitengo, kukumba mayenje ndi kusenza madengu a tiyi ali m'mitu mwa nkhalamba zokha. Munthu amene adali ndi zaka 20 pamene thangata inkatha, lero wapitirira zaka 80. Mbonizi zikutha, ndipo zikapita zipita ndi zonse zimene zikudziwa.

Tsono anzanga a m'seminale, pa tchuthi chikudzachi tengani kope ndi cholembera. Inu a kuno kwa Nsabwe ndi madera ena a Thyolo, khalani pansi ndi agogo. Afunseni kumene banja lanu lidachokera, amene adagwira thangata, phoso limene ankalandira, ndi m'mene malo amene mukulimawo adapezekera. Lembani mayina, midzi ndi zaka monga momwe iwo anenera. Inu makolo, musawabisire anawa nkhani zowawa, pakuti ndi mbiri yawo. Ndipo kwa inu abambo ansembe pempho n'lakuti makope amenewa apeze malo osungika bwino pa parishi, kumene chiswe ndi chinyezi sizingawafike.

Mafunso Okambirana

1. Fotokozani njira ziwiri zimene mtsinje wa Nile udathandizira ufumu wa Egypt.

2. Perekani zifukwa ziwiri zosonyeza kuti Aisraeli sindiwo adamanga mapiramidi a ku Giza.

3. Kodi amisiri a ku Deir el-Medina adaphwanya Maat kapena adaiteteza? Fotokozani maganizo anu.

4. Kodi mawu akuti thangata adasintha bwanji tanthauzo pakati pa nthawi ya makolo ndi nthawi ya atsamunda?

5. Tchulani chinthu chimodzi chomangidwa kwanuko, monga mlatho, msewu, sukulu kapena tchalitchi. Kodi mayina a amene adaumba njerwa ndi kusenza miyala akudziwika? Mungawapeze bwanji?